Kamera ya pa ngolo ikamazimazima, vuto limakhala pa waya

Mafuta akakwera mtengo, wamalonda amafuna kuti ulendo umodzi ubweze zambiri. N'chifukwa chake ena mwa opikula tomato, kabichi ndi mbatatesi ku Lizulu, Tsangano kapena ku Jenda amamangirira ngolo kumbuyo kwa galimoto, ija ambiri amangoti thirela. Koma ngolo ikadzaza madengu ndi matumba, woyendetsa saonanso kumbuyo. Kubweza galimoto yotere pamsika wodzaza anthu, pomwe katundu wa ena wayalidwa pansi ndipo ana akungodutsa, ndi ntchito yoika mtima m'mwamba. Kungoponda mulu umodzi wa tomato wa mwini, phindu la tsikulo lathera pa kulipira.

Apa ndi pomwe kamera ya rivesi yapezera msika. Imamangidwa kumbuyo kwa ngolo ndipo imaonetsa zonse pa kasikirini ka kutsogolo. Ogulitsa zipangizo za galimoto akuidziwa bwino, ndipo akudziwanso dandaulo lomwe limabwera nayo. Kasitomala amagula lero, mawa lake wafika nkhope ili gwaa, akuti kamerayo ndi yabodza: ikuyaka n'kuzima, chithunzi chikugwedera, mwina sikirini yangoda bii. Wogulitsa akabweza ndalama n'kukaiyesa kamera yomweyo pa batire, amapeza kuti ilibe vuto lililonse. Wataya kasitomala, katundu wasanduka wotsegulidwa kale, pomwe cholakwa chili pa ngolo ya mwiniwakeyo.

Nthawi zambiri chimene chimachitika n'chakuti magetsi akufika ku kamera ali ofooka. Batire la galimoto yaing'ono likakhala lodzaza, injini ili chozima, limaonetsa pafupifupi 12.6V. Injini ikalira mphamvuyo imakwera kufika pakati pa 13.8V ndi 14.4V chifukwa alternator yayamba kutchaja. Makamera ambiri a rivesi anapangidwira 12V, ndipo pabokosi kapena pa kapepala ka m'kati amalembapo malire a mphamvu yomwe kamerayo ingapirire. Magetsi akatsika kupyola malire a m'munsiwo, kamera imayamba kuphethira kenako n'kuzima. Funso ndi lakuti, ngati batire lili ndi 12V yonse, mphamvu inayo ikuthera kuti panjira?

Waya aliyense amadyako mphamvu. Akakhala wamtali amadya yambiri, akakhala woonda amadyanso yambiri, ndipo akamanyamula katundu wolemera ndiye amadya koposa. Chomwe amisiri ena saganizira n'chakuti magetsi amayenda ulendo wopita ndi wobwerera. Ngati kuchokera kutsogolo kwa galimoto kufika kumapeto kwa ngolo pali mamita 10, ndiye kuti njira yonse ndi mamita 20.

Masamu ake si ovuta. Waya wa kopa weniweni wa 0.5mm², akatalika mamita 20, amataya pafupifupi 0.7V pa amp iliyonse yodutsamo. Kamera payokha imadya pang'ono, kawirikawiri osafika ndi theka la amp lomwe. Ikamadya kota ya amp, mphamvu yotayika panjira siifika n'komwe 0.2V, ndipo palibe angadandaule. Koma waya yemweyo akamadyetsanso mababu awiri a 21W, omwe pamodzi amakoka pafupifupi ma amp atatu ndi theka, mphamvu yotayika imafika pafupifupi 2.5V. Kamera ija, yomwe yangolumikizidwa pa waya wa mababuwo, imalandira zotsala. Akanakhala waya wa 1.5mm², yotayikayo siikanafika 1V. Choncho kamera siimadzipha yokha ayi, imaphedwa ndi anzake omwe ikudyera nawo mbale imodzi.

Pamsika palinso waya wooneka ngati wa kopa pomwe m'kati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba. Pa mpukutu wina amalembapo CCA, pa wina salemba kanthu. Waya wotere, pa kukula kofanana, amataya mphamvu yoposa ya kopa ndi theka lina kapena kupitirirapo, kotero 2.5V ija imayandikira 4V. Batire likakhala lotopa, injini ili chozima, kamera imatsala ndi mphamvu ya m'ma 8V. Kumuzindikira n'kosavuta. Munthu akasenda wayayo n'kupala kachingwe kamodzi ndi mpeni, wa kopa amakhalabe wofiirira mpaka m'kati, pomwe winayo amatulutsa zoyera ngati siliva. Akamuyandikiza ku moto wa machesi, tizingwe ta aluminiyamu timapindika n'kufota msanga. Mpukutu wake umakhalanso wopepuka m'manja. Palinso waya wina wonenepa pulasitiki yokha, m'kati muli tizingwe towerengeka. Wogula amaona kunenepako n'kumati wapeza waya wamphamvu. Wogulitsa amene amasenda kansonga n'kumuonetsa kasitomala asanadule mamita ake amapewa mkangano wa mawa.

Komabe wopalamula wamkulu pa ngolo zambiri si waya wobweretsa magetsi, koma wobwezera, uja amisiri amati earth. Pa galimoto, chitsulo cha thupi lake ndicho chimagwira ntchito yobwezera magetsi ku batire. Ena amaganiza kuti ngolo nayo izibwezera kudzera pa mpira wachitsulo womwe amakolekapo. Mpirawo umakhala ndi girizi, fumbi ndi dzimbiri, ndipo umagwedera galimoto ikamayenda. Magetsi amadutsa pamenepo mwa apo ndi apo. Ena amamanga waya wa earth pa bawuti la ngolo osapala penti, mwina anapala kalekale ndipo dzimbiri ladyapo m'dzinja lathali.

Earth yofooka ili ndi zizindikiro zake. Woyendetsa akayatsa indiketa, magetsi ena akumbuyo nawo amaphethira mozilala. Akaponda buleki, magetsi a usiku amachepa mphamvu. Pa kamera ndiye pamakhala chodabwitsa: imaonetsa bwinobwino galimoto ili chiimire, koma woyendetsa akangoponda buleki chithunzi chimasowa. Chifukwa chake n'chakuti mababu awiri a buleki, 21W lililonse, akubwezera magetsi awo pa njira yopapatiza yomweyo. Tsono pobweza galimoto yokoka ngolo phazi limakhala pa buleki pafupifupi nthawi yonse. Kamera imazima pa nthawi yeniyeni yomwe ikufunika.

Pali dandaulo lina lomwe ogulitsa amalimva kwa amalonda a ndiwo zamasamba: masana kamera ikugwira, m'mbandakucha ayi. Makamera ambiri ali ndi timagetsi tating'ono tozungulira diso lake tomwe timayaka tokha kukachita mdima. Tikayaka, kamera imadya magetsi ochulukirapo, ndipo nthawi yomweyo magetsi a usiku a ngolo nawo ali chiyakire. Waya yemwe masana amangokwanitsa movutikira, usiku amalephera. Katundu wa kumunda amafika pamsika kusanache, choncho mwini galimoto amaliona vutoli tsiku lililonse, koma akapita kwa mmisiri dzuwa lili pamutu, zonse zimaoneka bwino. Woyeza aphimbe diso la kamera ndi dzanja, ayatse magetsi onse, aone ngati ipirire.

Chida chofunika pa ntchito yonseyi ndi mita yoyezera magetsi, multimeter, yoikidwa pa DC 20V. Koma mita imanamiza munthu wosaidziwa. Iyo imakoka magetsi ochepa zedi, kotero ngakhale polumikizira patachita dzimbiri, waya atatsala ndi kachingwe kamodzi, imaonetsabe 12V ngati palibe chomwe chayatsidwa. Mmisiri amachotsa kamera, amayeza pa waya, amaona 12V, n'kunena kuti magetsi alipo, yafa ndi kamera. Umu ndi momwe makamera abwinobwino amabwezedwera kwa ogulitsa. Kuyeza koona kumachitika kamera ili yolumikizidwa, magetsi ali oyaka, wina ataponda buleki. Amisiri akale amagwiritsa ntchito babu la 21W lomangirira mawaya awiri. Babulo likayaka mowala pamalo pomwe kamera imatengera magetsi, ndiye kuti njira ili bwino. Likangofiira ngati khala la moto, njirayo yatsekeka penapake ngakhale mita itanena zotani.

Poyeza ndi bwino kuyambira ku batire n'kumapita kumbuyo. Batire likaonetsa mphamvu yosafika 12V injini ili chozima, palibe chifukwa chovutikira ndi ngolo, liyambe latchajidwa kapena kuyezedwa. Likakhala bwino, munthu ayeze pa soketi ya kumbuyo kwa galimoto, kenako pa mawaya otuluka m'pulagi ya ngolo, pomaliza pa kamera penipeni. Pomwe nambala yagwa kwambiri kuyerekeza ndi pomwe wachokera, vuto lili pakati pa malo awiriwo. Kusiyana kwa theka la volt pakati pa batire ndi kamera si nkhani. Kukapitirira 1V, pali pofunika kukonza.

Earth ili ndi kayezedwe kake. Munthu atenge waya wamtali wabwino, amange mbali imodzi ku negative ya batire, mbali inayo ailumikize ku chingwe chakuda cha mita. Chingwe chofiira achigunditse pa waya wa earth wa kamera kapena pa chitsulo cha ngolo, magetsi onse ali oyaka. Earth yabwino imaonetsa nambala yoyandikira 0. Mita ikaonetsa theka la volt kapena kuposa, ndiye kuti mphamvu ikutayikira pa njira yobwerera. Wopanda mita angogunditsa waya wamtaliyo pa chitsulo chopala bwino cha ngolo. Magetsi akawala nthawi yomweyo, kamera n'kudzuka, wopalamula wapezeka.

Pochita zonsezi pamafunika kusamala, chifukwa kuyeza kwina kumafuna kuti galimoto ikhale mu giya ya rivesi munthu ali kumbuyo. Injini izikhala yozima, kiyi yekha atatsegulidwa, handibuleki itakokedwa, miyala itaikidwa ku matayala. Ngati pakufunika kuti injini ilire, pa mpando pakhale woyendetsa amene akumva zomwe wakumbuyoyo akunena.

Pulagi yolumikiza ngolo ku galimoto ndi malo ena obisalira mavuto. Ngolo zambiri kuno, monganso za ku South Africa, zili ndi pulagi ya mapini 7. Mwa dongosolo lake, pini 1 ya waya wachikasu ndi ya indiketa ya kumanzere, pini 4 ya waya wobiriwira ndi ya kumanja, pini 6 ya waya wofiira ndi ya buleki, pini 5 ndi pini 7 ndi za magetsi a usiku, ndipo pini 3 ya waya woyera ndiyo earth. Yotsala ndi pini 2 ya waya wa buluu, yomwe ku Ulaya ndi ya nyali ya m'chifunga, koma pa galimoto zambiri kuno imangokhala yopanda ntchito. Pa mapini onsewa palibe ya rivesi. Pulagi ya mapini 13 ndiyo ili nayo, pa pini 8, komanso ili ndi pini 9 yobweretsa magetsi osazima kuchokera ku batire. Mitundu ya mawayayi isakhulupiriridwe kwambiri pa ngolo yowotcherera kwa amisiri a m'tauni, chifukwa iwo amaika waya yemwe wapezeka tsikulo. Kuyeza pini iliyonse ndiko kumanena zoona.

Popeza pulagi ya mapini 7 ilibe waya wa rivesi, ambiri amangotenga magetsi a kamera ku magetsi a usiku a ngolo. Zimatheka, koma woyendetsa ayenera kuyatsa magetsiwo nthawi zonse pomwe akufuna kamera, ngakhale masana. Alipo omwe amabweza kamera kwa wogulitsa chifukwa chongoiwala zimenezi. Kuwonjezera apo, eni ngolo amakonda kuchulukitsa timagetsi ta m'mbali, tonse pa waya mmodzi woonda yemweyo, ndipo kamera imakhala kumapeto kwa mzere.

Mapini a pulagi amachita dzimbiri lobiriwira, makamaka nyengo ya mvula, madzi akamalowa m'soketi yomwe chivindikiro chake chinathyoka. Amafunika kuwapala ndi sandipepa wosalala. Mapiniwa ndi ong'ambika pakati, ndipo akafinyika sagwiranso zolimba. Kuwatanula pang'ono ndi nsonga ya mpeni kumathandiza. Tizomangira ta mawaya ta m'kati mwa pulagi natonso timamasuka ndi mabampu. Ntchito ya mphindi khumi imeneyi imadzutsa makamera ambiri kuposa kugula yatsopano.

Galimoto zina zatsopano, makamaka za ku Ulaya, zimabweretsa vuto la mtundu wina. Kompyuta ya galimoto siitumiza magetsi osadukiza ku mababu akumbuyo, koma imawayatsa ndi kuwazimitsa mofulumira kwambiri, kambirimbiri pa sekondi imodzi, pofuna kuchepetsa kuwala kapena kuyesa ngati babu lapsa. Diso la munthu silizindikira, babu nalo silidandaula, koma kamera imaonetsa mizere kapena kuzimiratu. Mita ikayeza pa waya wotere imaonetsa nambala yotsika ngakhale mawaya onse ali atsopano ndipo earth ili bwino. Apa kupala mapini sikuthandiza. Kamera imafuna magetsi akeake.

Njira yokhalitsa, pa galimoto yakale ndi yatsopano yomwe, ndi kukoka waya wapadera kuchokera ku batire kudzera pa relay. Relay ndi kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi, ndipo miyendo yake ili ndi manambala. Waya wochokera ku positive ya batire amapita pa 30, wopita ku kamera amachokera pa 87, pa 86 pamafika waya wochokera ku nyali ya rivesi ya galimoto, ndipo 85 imapita ku earth. Woyendetsa akalowetsa rivesi, nyaliyo imangodzutsa relay, magetsi enieni a kamera n'kuchokera ku batire mwachindunji. Waya wotuluka pa 87 angadutse pa pini 2 ija ngati yayezedwa n'kupezeka kuti ilibe ntchito ina. Waya wa kopa wa 1.5mm² amakwanira bwino, ndipo kamera ipatsidwenso waya wake wa earth wokafika pa pini 3, osadalira chitsulo cha ngolo chokha. Pa galimoto zamagetsi odukizadukiza zija relay wamba nthawi zina imalira ngati njuchi, ndipo pamafunika kachipangizo kosalaza magetsi komwe amagulitsa ndi dzina loti filter kapena rectifier ya kamera.

Waya wochokera ku batire asakhale wopanda fyuzi, ndipo fyuziyo ikhale pafupi ndi batire penipeni. Ya 3A kapena 5A ndi yokwanira pa kamera imodzi. Wayayu amadutsa pansi pa galimoto pomwe amakhuzana ndi zitsulo. Akasupuka n'kugunda chitsulo popanda fyuzi, amafiira n'kuyatsa moto, ndipo katundu wa pangongole amapsera pamsewu. Chizolowezi chomanga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu pamalo pa fyuzi yakupsa n'chimodzimodzi kusaika fyuzi n'komwe. Pogwira ntchito ya mawayayi, waya wa negative uyambe wachotsedwa ku batire. Polumikiza mawaya, kungopota ndi zala n'kukulunga tepi kumagwira mwezi umodzi kapena iwiri, kenako madzi amalowa. Kuwotcherera ndi mtovu kapena kufinya ndi tizitsulo tolumikizira, n'kuphimba ndi kapaipi kofota ndi moto, ndiko kumapirira msewu wafumbi.

Eni malole ali ndi nkhani yosiyana. Malole ambiri amayendera 24V, mabatire awiri olumikizana. Kamera ya 12V ikalumikizidwa pamenepo imapsa nthawi yomweyo, ndipo imeneyo ndiye imafadi. Wogulitsa afunse kaye kuti kamerayo ikukamangidwa pa galimoto yanji. Alipo makamera olembedwa kuti amalandira 12V ndi 24V yomwe, apo ayi pamafunika converter yotsitsa 24V kufika 12V. Kutenga 12V pa batire limodzi mwa awiriwo kumaoneka ngati nzeru, koma kumachititsa kuti mabatirewo asamatchajike mofanana, ndipo amatha msanga. Mtengo wa batire la lole sungafanane ndi wa converter.

Kamera yopanda waya, ija amati wireless, siithawitsa munthu ku mavutowa. Chomwe chilibe waya ndi chithunzi chokha. Magetsi imafunabe, ndipo kachipangizo kotumizira chithunzi kamawonjezera pa omwe ikudya. Yokhayo yokhala ndi batire lakelake kapena kasola ndi yomwe siidalira mawaya a ngolo.

Si vuto lililonse lomwe ndi la magetsi ofooka. Mphamvu ikapezeka yokwanira pa kamera koma sikirini ikulemba kuti palibe chithunzi, ayang'ane waya wa chithunzi, uja wa mutu wachikasu, ngati sanaduke polumikizira ngolo. Aonenso ngati kamera ndi sikirini zikulankhula chinenero chimodzi, chifukwa kamera ya AHD siionetsa pa sikirini yakale yomwe siidziwa AHD. Mizere yomwe imasintha injini ikamakwera ndi kutsika kawirikawiri imachokera ku earth ya kamera ndi ya sikirini zomwe zamangidwa malo osiyana.

Kwa wogulitsa, chitetezo chotchipa ndi kukhala ndi batire laling'ono la njinga yamoto ndi kasikirini pa benchi. Kamera iliyonse iyatsidwe kasitomala akuona, aphimbenso diso lake kuti timagetsi ta usiku tioneke kuti tikuyaka, ndipo pa lisiti palembedwe kuti yayesedwa. Chigwereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja ngati ameneyu sabwezeretseka pa mtengo womwe anagulidwira, choncho kamera imodzi yobwezedwa popanda chifukwa imadya phindu la zingapo. Kasitomala akabwera nayo, iyesedwenso pa batire lomwelo iye ali pomwepo. Ikayaka, nkhani imachoka pa kubweza ndalama n'kupita pa zomwe ngolo yake ikusowa: mamita a waya wa kopa, relay, fyuzi ndi kanyumba kake, mwinanso pulagi yatsopano ya mapini 7. Zonsezi zimakwana m'kabokosi kamodzi pansi pa benchi, ndipo wobwera kudzagula kamera ya pa ngolo afunsidwe kutalika kwa ngoloyo waya asanadulidwe.